Dzina Limene Amayi Anafufuta

Loweruka, sabata yachiwiri ya Julaye

Lero 6 koloko m'mawa inandipeza nditagwada pamphasa ndikusita siketi yanga yakuda, makala a m'simbi akungofuka utsi chifukwa cha chinyezi. Chiperoni chinali chitaphimba paliponse, ngakhale nyumba za pamishoni sizinkaoneka. Ndinali ndi ulendo wa ku Mikolongwe, ndekhandekha, kukaimirira ababa pamsonkhano wa kalabu yawo ya omvera wailesi.

Ababa anatisiya mwezi wa Febuluwale. Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi geti la chipatala cha Nguludi, koma mtima wawo unali pa wailesi. Lamulungu lililonse 3 koloko masana ankaimba foni ku pulogalamu ya moni n'kupereka moni kwa anzawo a m'kalabu. Kumeneko sankadziwika kuti a Makawa ayi, anali Bambo Sipoko a ku Nguludi. Anthu a m'kalabuyi amakhala m'midzi yotalikirana ndipo amadziwana mawu kuposa nkhope. Amasonkhana kamodzi pachaka kuti adye limodzi, auzane nkhani, akumbukirenso anzawo amene amwalira. Mwambo wawo ndi wakuti membala akamwalira, wina wa kubanja kwake amabwera kudzawerenga moni wa malemuyo komaliza, pafoni, wailesi ikuulutsa.

Achimwene ali ku Joni. Amayi anakana kwamtuwagalu. Ndiye kunatsala ine, Sesiliya wa Fomu 2, amene aphunzitsi akandiloza m'kalasi lilime limasanduka chigumu.

Nditamaliza kusita, amayi anatulutsa m'buku lawo la mapemphero pepala limene ababa ankawerenga, lothothola m'kope, lakuda ndi girisi m'mbali. Panali mayina asanu ndi awiri. Lomalizalo amayi anali atalifufuta ndi bolopeni mwamphamvu mpaka pepala kubooka. Kunali kungotaya inki, chifukwa tonse m'nyumba muno timalidziwa pamtima. Kwa zaka zitatu ababa ankatseka moni wawo ndi mawu omwewo: "Potsiriza, a Nangondo a ku Mpama, sindinakuiwaleni." Akafika pamenepo amayi ankadzuka n'kupita kuseri kukatsuka mbale zotsuka kale.

"Ukawerenge asanu ndi limodziwo basi," anatero amayi. "Mkazi ameneyo ndinamumva zaka zitatu m'nyumba mwanga muno. Ndisamumvenso pakamwa pa mwana wanga. Wamva, Sesiliya?"

"Ndamva, amayi."

"Lonjeza."

"Ndalonjeza."

"Ndikhala ndikumvera kugeti pa wailesi ya mayi a Gift. Anzanga onse ogulitsa mandasi akhala pomwepo." Anandimangirira mpango wawo waubweya m'khosi, n'kuukoka mwina mopitirira pang'ono. "Ukadye zimene akupatse. Usakachite manyazi ako aja."

Cha m'ma 7 koloko ndinafika pasiteji ya kabaza. A Mateyu, amene ali ndi njinga yamoto yofiira, anandiona ndikadali patali.

"Mwana wa a Makawa! Watchena chonchi m'mawa uno, wapeza banja?"

"Ndikupita ku Mikolongwe," ndinatero, maso ali pa nsapato zanga.

"Ku ng'ombe? Ndiye mkamwini ndi wolemera. Kwera. Kukafika kumsewu ndi thu sauzande, koma ukaseka kamodzi ndikuchotsera thu handiredi."

Ndinalipira thu sauzande yonse. Ndinakhala kumbuyo nditagwira chitsulo cha mpando, thupi ndalibweza m'mbuyo kuti ndisawakhudze. Titagunda dzenje loyamba ndinadumpha ngati thumba la chinangwa.

"Gwira jekete langali, iwe! Manyazi anapha lambe. Ugwa ndi ulemu wako womwe, ndiye ndikawauza chiyani amayi ako?"

Ndinagwira. Mphepo inkaluma makutu. Tinapitirira azimayi ena atasenza mitolo ya nzimbe, ndi bambo wina akupalasa njinga atanyamula mkazi wapakati kulowera kuchipatala. A Mateyu ankalankhula njira yonse, theka la mawu likuuluka ndi mphepo. Ndinamvako zakuti kale akadali ndi njinga yakapalasa ankadikira ola lathunthu kuti ababa amange tayala limodzi, chifukwa nkhani yabwino ikayamba pa wailesi ababa ankaima, sipanala ili m'manja, pakamwa yasa. Ndinaseka. A Mateyu anamva, koma thu handiredi ija sanaitchulenso.

Pamphambano ya Nguludi, pamene anthu amangoti pa Tenofu, ndinafika 8 koloko isanakwane. Ndinagula mbatata yootcha ya faivi handiredi, osati chifukwa cha njala koma kuti ndifunditse manja. Maminibasi awiri anadutsa atadzaza mpaka chitseko osatsekeka. Yachitatu inaima, kondakitala atatulutsa mutu pawindo.

"Nkando, Mulanje! Mpando ulipo, achemwali, wa inu nokha!"

Mpandowo unali chigubu cha mafuta ophikira chimene anachiika pakati pa mipando. Kukafika ku Mikolongwe anati wanu faivi. Ndinakhala pachigubupo, mawondo anga atagunda msana wa munthu.

Pambali panga panali mayi wina wamkulu thupi, atavala duku lachikasu, kawailesi kakang'ono kakulendewera pachifuwa ndi chingwe cha nsapato. Ankakangana ndi kondakitala za dengu lake la kabichi.

"Dengu lilipire chiyani? Lili ndi matako? Lakhala pamiyendo yanga, ndiye lipire ine!"

Anthu anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa mawuwo ndinkawadziwa. Ndinawamva Lamulungu lililonse kuyambira ndili Sitandade 5: "Ndine Mayi Sabola wa ku Bangwe, wowawa koma wosasowa pa ndiwo." Dzina lawo linali lachiwiri papepala la ababa. M'mutu mwanga ndinkawaona ngati mayi woonda wamagalasi, sindidziwa chifukwa chake. Ndinayeseza mawu anga chamumtima kasanu, minibasi n'kuima kawiri, ndisanatsegule pakamwa.

"Pepani amayi. Kodi ndinu Mayi Sabola?"

Anatembenuka thupi lonse, dengu n'kugunda kondakitala. "Imvani anthu inu! Ndatchuka mpaka ana asukulu! Iwe kondakitala, wanyamula munthu wa pawailesi, uzindipatsa ulemu. Ndiwe mwana wa ndani, mwanawe?"

"Wa Bambo Sipoko."

Kuseka konse kunathera pomwepo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatenga dzanja langa limene linali lakuda ndi mbatata n'kuliika pamwamba pa dengu, lawo pamwamba pake. Sanalankhulenso mpaka tinatsika. Anthu amene amawadziwa akuti zimenezi sizinachitikepo.

Tinatsika ku Mikolongwe chiperoni chikuyamba kuyera. Msonkhano unali kunyumba kwa a tcheya a kalabu, ulendo wa theka la ola wapansi. Ndinawasenzera dengu lija. Njira inadutsa m'mbali mwa mpanda wa waya, ng'ombe zamawangamawanga zikutiyang'ana ngati tabwera kudzazifunsira. Fungo la ndowe linali paliponse. Mayi Sabola anati ndi fungo la ndalama, ndisalinyoze.

Funso linali likundikanda pakhosi chichokere m'minibasi. Ndinkafuna kudziwa nkhope imene ndiyenera kuipewa.

"Kodi a Nangondo a ku Mpama abwera?"

Mayi Sabola anaima. "Ukuti chiyani?"

"A Nangondo. Amene ababa ankawapatsa moni kumapeto."

"Mwana iwe, a Nangondo tinawaika m'manda zaka zitatu zapitazo. Ine ndinaphika nawo pamaliro pawo."

Dengu linatsala pang'ono kugwa. Anandithandiza kulitula, tinakhala pamwala m'mbali mwa njira, n'kundifotokozera. M'kalabu mwawo munthu akamwalira samusiya kuti agwe pansi. Membala wina amanyamula dzina lake n'kumaliika kumapeto kwa moni wake sabata iliyonse, ngati munthuyo akadali moyo. Sanena kuti malemu. Amangoti sindinakuiwaleni. Amatero kuti a pakhomo pa womwalirayo akatsegula wailesi azimvabe dzinalo likutchulidwa pakati pa anzake.

"Bambo ako ndi amene ananyamula la a Nangondo. Ndipo sanawaonepo n'kamodzi komwe. Chaka chimene iwo analowa kalabu, mayiwo anali atagona kale pamphasa, sankayendanso."

Ndinatulutsa pepala lija n'kuwaonetsa. Analiyang'ana, n'kulikweza kumwamba, kuwala kukudutsa pabowo.

"Amayi ako?"

Ndinagwedeza mutu.

"Sanawafunse amuna awo?"

"Amayi safunsa. Amangosunga."

"Nanga bamboyo osafotokoza?"

"Mwina ankaganiza kuti aliyense amadziwa za kalabu ngati iwowo."

"Iii, amuna!" Anaomba m'manja kamodzi. Kenako anapukusa mutu. "Akazinso ife. Zaka zitatu, mphasa imodzi!" Anandibwezera pepala. Nditawauza kuti ndinalonjeza kusawerenga dzinalo, komanso kuti amayi akhala akumvera pamodzi ndi anzawo kugeti, anapuma mozama. "Ine sindikuuza chochita. Amayi ako ndi amayi ako, ukagona kwawo lero, osati kwa ine. Koma udziwe kuti amuna awo a Nangondo abwera."

Tinafika cha m'ma 9 koloko. Nyumba ya a tcheya ili ndi mpanda wautali wa udzu, ndipo kalabuyi ili ndi kamwambo kena koseketsa. Wofika salowa msanga. Amaima kunja kwa mpanda n'kupereka moni, a mkatimo amutchule dzina pongomva mawu. Mayi Sabola anangotsokomola, mkati monse n'kukuwa, "Sabolaaa!" Itafika nthawi yanga ndinati, "Mwadzuka bwanji," koma ndikhulupirira anamva ndi nkhuku yokha imene inali pafupi nane.

"Kodi kunjako kuli munthu, kapena ndi mphepo?" anafunsa mawu aakulu ngati mgolo wopanda kanthu.

"Ndi mwana wa Sipoko, inu! Tsegulani!" anatero Mayi Sabola.

Mwini mawu aakuluwo anali a tcheya, amene pawailesi amatchedwa a Mkango a ku Mikolongwe. Ndinkayembekezera chimunthu chodzaza khomo. Kunatuluka kabambo kakafupi, kondifika m'khutu, atavala jekete lofika m'mawondo. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Anthu anali ngati makumi atatu, atakhala pamabenchi obwereka kusukulu. Anandipatsa mpando weniweni kutsogolo, chinthu chimene chinandizunza kwambiri.

M'mawa wonse unali wa nkhani za kalabu. Mlembi anawerenga kuti membala wina wa ku Mpama wabereka mapasa, wina anamubera sola padenga iye ali m'nyumba momwemo akumvera mpira, ndipo awiri amene anakondana chifukwa cha mawu amanga ukwati. "Ataonana nkhope palibe anathawa," anawonjezera mlembiyo, anthu n'kululutira. Panabuka mkangano wa anthu amene amatchula mayina makumi awiri pa moni umodzi n'kuthera anzawo nthawi. Onse anayang'ana Mayi Sabola. Iwo anayang'ana kumwamba.

12 koloko tinadya mpunga ndi nyama ya mbuzi ndi kabichi uja, thobwa n'kumazungulira m'ndowa. Ndinatenga mbale yanga n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Ndili pomwepo kunabwera bambo wina wachikulire, wamtali, woonda, miyendo ya buluku ataipisa m'masokosi monga amachitira opalasa njinga. Anavula chipewa, kuvulira ine, mwana.

"Ndinu mwana wa a Sipoko, mayi? Ine ndine Likaka, wa ku Mpama. Mwamuna wa Nangondo."

Ndinafuna kugwada koma mbale inandisokoneza. Anakhala pachitsa. Anati ananyamuka tambala woyamba atangolira, ndipo tcheni chinaduka kawiri panjira.

"Akanakhalapo bambo anu bwenzi atandiseka," anatero. "Ine si wa kalabu ayi. Wa kalabu anali mayiyo. Ndinkamukalipira, ndinkati ukutha mayunitsi kupereka moni kwa anthu osakudziwa, moni amadyedwa? Atapita, wailesi ndinaiponya pansi pa bedi. Tsiku lina mnansi anabwera akuthamanga, akuti a Likaka, akazi anu awatchula pawailesi. Ndinati wapenga. Lamulungu linalo ndinatsegula ndekha." Anatembenuza chipewa m'manja. "Kuyambira pamenepo Lamulungu ndimasamba masana, ndimavala malaya, ndimakhala pakhonde. Kumudzi onse amati malemu, malemu. Bambo anu okha ndi amene ankalankhula naye ngati ali kudimba, abwera posachedwa."

Ndinasiya kudya.

"Chiyambire Febuluwale sindinalimvenso. Ndimatsegulabe, kuzolowera. A tcheya anandiuza kuti dzina limanyamulidwa ndi munthu mmodzi basi, wonyamulayo akapita limapita naye. Ndiye ndati ndikalimve komaliza lero. Idyani, mayi, ndakusokonezani."

Atachoka ndinapita kwa a tcheya. Ndinali nditapeza nzeru. Ndikanena kuti malemu a Nangondo, amayi amva okha kuti munthuyo anamwalira.

"A tcheya, kodi ndingawonjezere mawu akuti malemu pa dzina lomalizalo?"

Anandiyang'ana mokoma mtima, koma anapukusa mutu. "Mwanawe, akuluwo apalasa njinga kuchokera ku Mpama kuti adzamve kuti akazi awo anamwalira? Zimenezo akuzidziwa kale. Ukawerenge monga ankawerengera bambo ako. Ukaona kuti sungathe, ulisiye, palibe akukakamize."

1 koloko itakwana anayala mphasa pakati pa bwalo. Aliyense anabweretsa wailesi yake n'kuiika pamenepo: zazikulu, zazing'ono, ina yomanga ndi mphira, ina ya mlongoti wa waya wa hang'ala yopachikira zovala. Onse anazitseka. Chaka chino amwalira mamembala atatu. A tcheya anaimirira n'kuitana aliyense katatu ndi mawu awo aakulu aja. Ababa anali omaliza.

"Bambo Sipoko a ku Nguludi, mukutimva?"

Zii.

"Bambo Sipoko a ku Nguludi, mukutimva?"

Kutali ng'ombe inalira. Mayi wina anayamba kufwenthera.

"Bambo Sipoko a ku Nguludi, mukutimva?"

Ndinadzipeza ndikudikira. Ndinaona ndi maso anga bokosi likutsikira m'manda, koma ndinadikirabe kuti mwina ayankha kuti, "Ndikukumvani bwino lomwe, pitirizani." A tcheya anawerama n'kunena motsitsa, "Atseka wailesi." Onse anabwereza, "Atseka wailesi." Pamaliro sindinalire kwambiri chifukwa anthu ankandiyang'ana. Lero ndinalira osasamala.

Muulutsi anali atalonjeza kupatsa kalabu mphindi zochepa 2 koloko. Vuto ndi lakuti pakhomo pa a tcheya netiweki imapezeka pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu kuseri kwa khola. Choncho tonse tinandandalika kupita kuchulu, madala ndi ndodo zawo, azimayi atakweza zitenje kuopa chisoso. A tcheya anakwera pamwamba ndi foni, ife atatu owerenga tili pambuyo pawo. Anayamba mnyamata wa malemu wina, kenako mayi wamasiye amene anawerenga akulira mpaka nthawi inapita ndithu. Foni itafika m'manja mwanga inali yotentha. Ndinamva mawu a muulutsi, omwe aja a m'nyumba mwathu Lamulungu, akulankhula ndi ine.

"Tatsala ndi mphindi imodzi. Tikulankhula ndi ndani?"

"Sesiliya. Mwana wa Bambo Sipoko a ku Nguludi."

"Kwezani mawu pang'ono, achemwali, dziko likumva."

Ndinakweza. Ndinawerenga dzina loyamba, a Mkango, ndipo anakweza dzanja pambali panga. Lachiwiri, Mayi Sabola, anadzigunda pachifuwa. Lachitatu, lachinayi. Aliyense wotchulidwa ankakweza dzanja mwakachetechete pansi pa chulupo. Lachisanu. Lachisanu ndi chimodzi. Kenako chala changa chinafika pabowo.

Ndinaona amayi m'maganizo, atakhala pa kampando kawo kugeti, beseni la mandasi patsogolo, mayi a Gift atakweza wailesi kuti onse amve mwana wa mnzawo. Amayi sanandinamizepo chiyambire, ndipo ine sindinaswepo lonjezo kwa iwo. Nditakweza maso ndinaona a Likaka kumbuyo kwa anthu onse, atagwira chipewa pachifuwa, mutu ataupendeketsa ngati munthu womvera wailesi ya mabatire ofooka. Sankandiyang'ana n'komwe. Ankangodikira.

"Potsiriza," ndinatero, "a Nangondo a ku Mpama, sindinakuiwaleni."

Ndinafuna kuwonjezera kuti, "Amayi, ndikufotokozerani ndikafika." Ndinatsegula pakamwa ndithu. Koma muulutsi anali atayamba kale kuthokoza, nyimbo n'kulowa, foni n'kuduka.

Nditatsika pachulu anthu anandizungulira, ena akuti mawu ngati a bambo ake, ena akuti ayi ngati a nesi. A Likaka anadikira onse atathe. Sanalire. Anangovala chipewa chawo n'kunena kuti, "Zikomo, mayi. Tsopano apume."

Titabwerera pabwalo a tcheya anafunsa amene anyamule mayina atatu aja. Awiri oyambawo anapeza eni msanga. Atatchula la ababa manja anakwera ambiri, koma a Likaka anaimirira.

"Ine si membala, ndipo sindinaimbepo foni kuwailesi chibadwire. Mundilembe lero. Dzina la a Sipoko ndinyamula ine."

"Madala, mumadziwa n'komwe podina?" anafunsa Mayi Sabola akupukuta maso ndi duku.

"Mundiphunzitsa inu a pakamwa."

Anawaphunzitsadi pomwepo, kuwalembera nambala pachikhatho. Anayeseza katatu, kuyamba monong'ona, kumaliza mokweza mpaka nkhuku kuthawa: "Potsiriza, Bambo Sipoko a ku Nguludi, sindinakuiwaleni." Ayamba mawa lomwe, pa pulogalamu ya 3 koloko.

Ndinanyamuka 3 koloko itapitirira. Mayi Sabola anatsala kuti atsuke miphika, koma anandikulungira nyama m'pepala kuti ndikapatse amayi. Kumsewu maminibasi onse ochokera ku Mulanje anali odzaza, ndiye ndinakwera kagalimoto ka matola pa wanu sauzande, nditakhala pamatumba a nandolo pamodzi ndi mayi wina ndi mbuzi yake. Mbuziyo inadya ngodya ya mpango wa amayi ine ndili m'maganizo. Pa Tenofu ndinapeza a Mateyu akudikira anthu.

"Wa pawailesi uja! Tinakumva pasiteji tonse. Ndinawauza anzanga kuti ameneyo ndamunyamula ine m'mawa, ankaopa kugwira jekete." Anayatsa njinga. Titayenda pang'ono anatembenuza mutu, mawu atasintha. "Koma amayi ako anaweruka msanga lero. Ndinawaona akupita ndi beseni, mandasi asanathe."

Nthabwala zawo zinathera pamenepo.

Ndinafika pakhomo 5 koloko itadutsa. Amayi anali pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Ndinagwada patali pang'ono.

"Ndabwera, amayi."

"Ndaona."

Ndinaika nyama ija pambali pawo. Sanaiyang'ane.

"Unalonjeza, Sesiliya."

"Eya, amayi."

"Mayi a Gift anandiyang'ana. Onse anandiyang'ana. Mmodzi anafunsa kuti kodi a Nangondowo ndi achibale." Ankalankhula motsitsa, zala zikutola timiyala m'nyemba. Bola akanakalipa.

"Amayi, a Nangondo aja..."

"Dzina limenelo lakwana kamodzi lero."

Anatenga lichero n'kulowa m'nyumba. Ine amene ndalankhula dziko lonse likumva ndinatsala chogwada pakhonde. Koma nditapita kubafa ndinapeza madzi otentha atandiikira kale, ndipo patebulo panali mbale yovundikira, mandasi awiri pambali pake.

Tsopano ndikulemba ndili pakhomo la kukhitchini, kuwala kukutha. Ku Mikolongwe si kutali, munthu ukhoza kupita n'kubwera dzuwa likadalipo. Koma ndakapeza kumeneko chinthu chimene chinali m'nyumba mwathu muno zaka zitatu, chongofuna funso limodzi. Amayi sanafunse, ababa sanafotokoze, ndipo ine ndinkaona amayi akudzuka kupita kumbale zawo Lamulungu lililonse osanena kanthu. Ndatengera onse awiri.

Chimene chikundiopsa ndi chakuti zoona zake zikhoza kuwapweteka kuposa zimene akuganiza panopa. Amuna awo amene anawakwiyira zaka zonsezi sanalakwe, ndipo palibenso koti akawapepese. Ndaganiza zongokhala chete kuti ndiwasungire mkwiyo wawo, poti mwina ndi umene ukuwalimbitsa. Koma mawa 3 koloko a Likaka akapereka moni kwa ababa ngati munthu wamoyo, ndipo sindikufuna kuti amayi akamve zimenezo kwa mayi a Gift.

Mawa tikatuluka Misa yoyamba sindipita ndi anzanga a kwaya. Ndiyenda ndi amayi njira ya kumunda, kopanda anthu, ndipo ndiwauza zonse kuyambira pamwala paja mpaka pachulu. Akafulumira kuti andisiye m'mbuyo, ndiziuza msana wawo. Akandiletsa, ndipepesa, kenako ndipitiriza. Tikafika kunyumba nditsitsa wailesi ya ababa pamwamba pa kabati, ndiipukuta fumbi, ndipo 3 koloko ikamakwana ndikhala pafupi nawo pakhonde, kuti akamva dzina la amuna awo asalimve ali okha.